Ngowe Imene Sinakhote

Nkhalamba idavomera mlandu, ndipo kuvomerako n'kumene kudamutsimikizira Namakani kuti pali bodza.

Bambo akewo, osula zitsulo a kuseri kwa msika, chibadwire anali asanavomerepo kulakwa. Khasu lawo likathyoka, wolakwa ndi wolima. Mpeni wawo ukabuntha, wolakwa ndi mayi amene amadulira nyama pa simenti. Ngakhale tsiku limene adayatsa denga la chipala chawo chosuliramo zitsulo, adati mphepo ndiyo inalibe ulemu. Ndiye lero munthu ameneyu akhale pa benchi kupolisi, manja pa mawondo, n'kumati, "Ngoweyo ndinasula ndine, ndinalakwitsa, nditengeni"? Namakani adamva mawuwa ndi makutu ake, koma adawakana.

Zimene zidachitika, aliyense mu msewu wa magalaja ankazidziwa. Makaniko wamkulu wa pa galaja ya pakona, munthu wamtali woseka ndi aliyense, adalowa pansi pa injini ya lole imene inali lende pa tcheni. Ngowe yokolera injiniyo idathyoka. Injini idamugwera pachifuwa, ndipo pofika naye kuchipatala anali atatsirizika kale. Pakhosi pa ngoweyo panali timadontho timene bambo a Namakani ankakhoma pa chilichonse chotuluka m'manja mwawo. Bwana wa galaja adaloza chala, apolisi adatsatira chalacho, ndipo tsopano nkhalamba inkadikira galimoto yopita nayo kukhoti, kenako ku rimandi. Chifuwa chawo chinali chitadyedwa kale ndi utsi wa makala. Namakani ankadziwa kuti akalowa ku rimandi ndi chifuwa chimenecho, adzatulukako ali m'bokosi.

"Mayi, bambo anu avomera okha," adatero Sajeni, wapolisi wonenepa wa maso otopa, amene sanali woipa mtima koma ankakonda mlandu wotha msanga. "Sitinawamenye, sitinawaopseze. Poyamba anatilalatira ofesi yonse ino, amvekere ngowe zawo sizithyoka. Titawaonetsa chidutswacho, anangochitembenuza, kuchiyang'anitsitsa, basi ziii. Kenako akuti lembani, ndine."

"Ndiye inu simunadabwe?"

"Ntchito yanga si kudabwa."

"Yanganso si imeneyo, ine ndine telala. Koma ndadabwa. Ndionetseni chidutswacho."

Sajeni adati umboni sagwiragwira. Namakani adakoka mpando, adavula nsapato, n'kukhala ngati wafika kwawo. Dzina limeneli sadalitole pamsewu. Adamupatsa ndi bambo ake omwewo ali kamtsikana, ataona kuti kumuuza kuti ayi kunali ngati kumuitana. Sajeni adamuyang'ana, adayang'ana mzere wa anthu pakhomo, adausa moyo, n'kutsegula kabati.

Chinali theka la kumtunda la ngowe, mphete ndi khosi lake. Namakani adapisa m'chikwama, pakati pa ulusi ndi tepi, n'kutulutsa tupa lakale la bambo ake. Asanagwire singano adakulira pa mvukuto, ndipo zina zimene manja adaphunzira saiwala. Adakhula pafupi ndi mphete. Tupa lidaluma, tinyenyeswa ta chitsulo n'kugwera patebulo. Adakhula pafupi ndi pothyokapo. Tupa lidangoterereka, kulira ngati wakanda botolo, osasiya ngakhale kachipsera.

"Mwamva?" adatero. "Chitsulo chimodzi, koma uku n'kofewa, uku n'kouma."

"Nanga kuuma si ndiko kulimba? Ine kusitolo ndikadasankha chouma."

"Mbale yadothi ndi youma kuposa supuni. Gwetsani zonse ziwiri pa simenti muone imene mudyere mawa. Mukachiumitsa pang'ono chitsulo, mphamvu zimawonjezeka, zoona. Mukapyoletsa, tupa chimalikana, koma chikangodzidzimutsidwa chimasweka osatsanzika. Mpeni Ababa amauviika m'madzi uli wofiira, kenako amaubwezera pamoto pang'ono kuti ukali uchoke. Ngowe saviika. Amaikwirira m'phulusa kuti izizire yokha, n'cholinga choti katundu akaikulira iyambe kuyasama, anthu aone, athawe. Taonani pothyokapa, pali see, potuwa ngati shuga. Ngowe iyi sinakhote n'komwe."

Sajeni adatenga tupalo n'kuyesa yekha. Sanali wogona.

"Mwina tsiku limenelo anaiwala, n'kuiviika. Munthu amakalamba."

"Chipala chimafiiritsa ngowe yonse. Akadaviika iwo, ikadauma kuyambira kumutu mpaka kumchira. Iyi yauma pokhota pokha. Wina anaitenthetsa malo amodzi, itachoka kale m'manja mwawo."

"Ndi moto wanji wotenthetsa malo amodzi?"

Yankho Namakani anali nalo, koma silidamukomere m'kamwa. Adafunsa lake funso. "Theka linalo lili kuti?"

"Tinasesa galaja yonse, sitinalipeze." Sajeni adabwezera chidutswacho m'kabati. "Tamverani mayi. Zimene mwanenazi n'zomveka, koma khoti silimanga munthu wotchedwa Wina. Ine ndili ndi munthu wovomera. Galimoto ya kukhoti ikafika masana ano, akwera."

Asanatuluke adapempha kuona bambo ake. Adawapeza atakhala pakona ya chitokosi, akadali m'malaya awo a ntchito obookabooka ndi moto.

"Ababa, mwanena bodza."

"Ukulankhula ndi bambo ako."

"N'chifukwa chake ndikudziwa kuti ndi bodza. Inu munaviikapo liti ngowe m'madzi?"

Nkhalamba idatsokomola nthawi yaitali. Itamaliza sidamuyang'ane.

"Pita ukasoke madiresi ako. Nkhani iyi ndaitseka ine. Ukaitsegula, sudzandithokoza, inenso sindidzakuthokoza."

* * *

Namakani adafika mu msewu wa magalaja mtima ukuwirabe. Munthu umuthamangire chotere, iye n'kukupirikitsa ngati nkhuku yalowa m'nyumba! Koma pansi pa mkwiyowo panali funso limene silinkamupatsa mtendere. Bambo ake sankakhululukira mpeni wobuntha, nanga akadagonera ndani m'chitokosi?

Mwamuna wake ankagwira ntchito mu msewu womwewo, pa shedi yowotcherera zitsulo ya kumapeto, ndipo anali mnzake wa ponda apa nane mpondepo wa malemuyo. Chichitikireni ngoziyo sankadya, sankacheza ndi ana. Ankangobwereza kuti dzulo lake la ngoziyo iye anali kutali, kukaika geti kunyumba ya kasitomala, ndiye sakudziwa kanthu. Namakani anali asanamufunse chifukwa chimene ankayankhira funso limene panalibe adamufunsa. Adadutsa pa shediyo osayang'anako, n'kulunjika pakona.

Bwana wa galaja anali munthu wa malaya oyera pakati pa anthu a girisi, foni dzanja ili, makiyi dzanja ilo. Pamwamba pa mutu wake, pa tcheni yomwe ija, panali patalendewera kale ngowe yatsopano ya kusitolo, ndipo pansi anali atathirapo mchenga.

"Madamu, pepani kwambiri, koma ine ndataya makaniko, ndataya injini ya kasitomala, ndataya dzina. Mukufuna ndilirenso za bambo anu?"

"Misozi yanu sungani, ndili nayo yanga. Munkakweza chiyani pa ngowe ija?"

"Injini."

"Yokha?"

"Ndi giyabokosi yake. Kumasula padera kumadya nthawi, ndipo kasitomala anali pakhosi panga."

"Ababa anakuuzani pamaso panga kuti ngowe imeneyo ndi ya timagalimoto ting'onoting'ono."

"Aa, chitsulo ndi chitsulo, madamu! Ndipo musandiuze za ngowe ya bambo anu ngati inatsika kumwamba. Inali yofewa ngati sopo. Dzulo lake lomwe tinangoti tikwezeko pang'ono, iyo n'kuyamba kuyasama kukamwa ngati..."

Adadziluma lilime, koma mochedwa.

"Inayasama," adatero Namakani pang'onopang'ono, kuti amakaniko onse amene ankanamizira kumanga mabawuti amve bwino. "Ngowe yoyasama siigwira katundu. Tsiku la ngozi inagwira. Anaitseka ndani?"

"Ine sindine wosula."

"Sindinati ndinu. Ndati anaitseka ndani?"

Bwana adaika foni kukhutu ngakhale inali isanalire, n'kulowa mu ofesi akuti halo, halo kwa munthu amene kunalibe. Chitseko adachikhoma ndi kiyi. Namakani adatembenukira amakaniko aja, koma onse anali atalowetsa mitu m'mabonati, ndipo palibe adautulutsa wake.

Pageti pa galajayo panali mayi wa mpango wakuda, atakhalira bokosi la masipanala, kudikira womunyamulira. Anali mkazi wa malemuyo. Maso ake anali ouma, a munthu amene walira mpaka misozi yamuthera.

"Ndinu mwana wa aja anapha mwamuna wanga," adatero mayiyo, osakweza mawu.

"Ndine mwana wa amene akunamiziridwa. Pepani ndi zovutazi, mayi, amuna anu anali munthu wabwino, ana anga ankawati amalume. Koma sindinabwere kudzapepesa mlandu umene si wathu. Ndabwera kudzafunsa."

Namfedwayo adamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Mwina akadabwera wogwada ndi wolira akadamuthamangitsa. Koma poona mmene wabwerera, namfedwayo adamusendera malo pa bokosipo.

"Apolisi sanandifunse kanthu. Anangoti pepani, tamugwira. Funsani."

"Ananenapo chilichonse za ngoweyo?"

"Dzulo lake madzulo anabwera atakwiya. Anati wakangana ndi bwana, wakana kulowa pansi chifukwa ngowe yayasama. Ine ndinati mwachita bwino. M'mawa ndinawagwira mkono pakhomo, ndinati musakalowe pansi paja, ntchito zilipo zambiri. Anaseka. Mukudziwa mmene ankasekera. Anati usadandaule, mnzanga wanditumizira uthenga, waikonza, akuti tsopano ngakhale tupa silikulowa, ndi yolimba kuposa mmene inabwerera."

Namakani adasendera pafupi.

"Mnzawo uti?"

"Anali ndi anzawo msewu wonse uno. Sanatchule." Namfedwayo adapendeketsa mutu. "Koma inu nkhope yasintha. Mukumudziwa?"

"Sindinadziwebe," adayankha Namakani, ndipo iye mwini sadalikhulupirire yankho lakelo.

* * *

Chitsulo chofiira chimafuna madzi, ndipo mpopi wa pa galajayo udauma kalekale. Madzi a pafupi anali tsidya la msewu, pa kabenchi ka mayi wogulitsa tiyi ndi buledi, amene maso ake ankagwira ntchito kuposa manja. Namakani adawoloka.

"Eee, a Telala! Bwerani, khalani apa, mwaondatu ndi nkhaniyi! Tiyi? Ayi, musakane, imwani. Bambo anu aja, ine mpeni wanga wa buledi anandisulira ndi iwo, mpaka lero ukudula ngati lumo. Ine ndimaona zonse koma sindinena, mukundidziwa. Apolisi anabwera, anamwa tiyi wanga, sanandifunse kanthu, inenso ndinangoti chete, nanga munthu uzingodziponya m'milandu? Komatu ndimayesa mwabwera ndi ndowa yanga."

"Ndowa iti?"

"Imene analonjeza bambo a kwanu! Sanakuuzeni? Amuna inu! Taonani zimene anandichita."

Adapisa pansi pa benchi n'kutulutsa ndowa ya pulasitiki yobiriwira. Adaitembenuza. Pansi pake panali chipsera chosungunuka, chokhota bwinobwino, ndi kabowo pakati.

"Madzulo aja, anthu ataweruka, ine ndikulongedza makapu, anabwera ndi mabotolo awo a gasi pa wilibala, bwana uja ali pambuyo, changu, changu. Moto uja fuuu, nyundo kho, kho, kho. Kenako akuti, mayi tabwerekeni madziwo. Ndisanayankhe n'komwe, chitsulo chili psuu chalowa kale m'ndowa, chwaaa, nthunzi tolo! Madzi anali ochepa, ndinali nditatsukira makapu. Chinawapulumuka pa pulayala n'kukagona pansi. Ndiye ine ndati, bambo, ndowa yanga! Iwo akuti mawa ndikubweretserani yatsopano. Mawa lake ndi lomwe lija, kunagwa zija."

"Mwina munaona wina. Kunali kutayamba kuda."

"Kuda kuti? Dzuwa linalipo! Ndipo mwamuna wanu ndingamusokoneze ndi ndani? Si uja amayenda chopendekera ngati wasenza chitseko?"

Atatero m'pamene mayi wa tiyi adamva zimene pakamwa pake padanena. Adayang'ana ndowa, adayang'ana galaja, n'kugwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Mayo ine. Chitsulo chija chinali..."

"Ndowayi ndibwerekeni," adatero Namakani. "Ndipo Sajeni akabweranso, musamupatse tiyi asanakufunseni."

Chisoni chidabwera, inde, koma mkwiyo ndiwo udafika poyamba. Tsopano adamvetsa chimene bambo ake adaona potembenuza chidutswa chija. Mu msewu wonsewo, mabotolo a gasi anali ndi munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali mkamwini wawo.

* * *

Namakani adamupeza mwamuna wake pa shedi atakhala pa chigubu, chigoba chotchingira maso chili pa mawondo, makina ali zii. Namakani adaika ndowa ija pansi patsogolo pake, chafufumimba, chipsera chikuyang'ana kumwamba.

"Geti la kasitomala lija munakaika, linali la pulasitiki?"

Mwamunayo adayang'ana ndowayo nthawi yaitali. Anali munthu wofatsa, wa manja aakulu, amene ankadzuka m'mawa kukonzera ana madzi osamba mkazi wake akachezera kusoka. Namakani ankamukonda, ndipo chimenecho n'chimene chinkamupweteka kwambiri.

"Mayi a ana, khala pansi."

"Ndiima. Bambo anga ndi amene akhala pansi, pa simenti ya m'chitokosi. Yankhulani."

"Bwana anandiitana. Ndinamuuza kuti ngowe ikayasama ibwerere kwa apongozi, ndi mmene amanenera. Iye akuti palibe nthawi, lole ikufunika mawa. Kenako akuti, kapena iwe sungathe? Umangodziwa kumata mageti? Ukudziwa mmene apongozi amanditchulira. Womata. Zaka zonsezi, pamaso pa anthu, pamaso pa ana anga. Akuti iwo ndiwo amisiri, ine ndimangomata zitsulo ngati mwana womata mapepala kusukulu. Ndiye ndinaona ngowe yawo itayasama, mtima unati, lero ndiwaonetsa. Ndinaifiiritsa, ndinaitseka, n'kuiviika kuti iume, isadzayasamenso. Ndinayesa ndi tupa, silinalowe. Ndinasangalala, mayi a ana. Ndinasangalala! Ndinamutumizira mnzanga uthenga kuti alowe pansi mopanda mantha."

Adalira. Namakani adamusiya kuti alire, koma sadamugwire phewa.

"Ababa anakuuzanipo kangati kuti ngowe saviika?"

"Ankati akayamba kulankhula ine ndimatseka makutu. Munthu angaphunzire bwanji kwa wina amene akumunyoza?"

Pamenepo panali choona, ndipo Namakani adachimva. Pakamwa pa bambo ake ankapadziwa, nayenso adakulira pomwepo. Koma sadabwere kudzaweruza pakamwa pa munthu.

"Theka linalo lili kuti?"

Mwamunayo adatsegula bokosi la zida, adasuntha mawaya, n'kutulutsa gulovu yachikopa yolemera. Adaikhuthula. Nsonga ya ngowe idagwera pa dothi. Pokhota ponse panali mabala atsopano a nyundo, ndi mtundu wakuda mobiriwira umene moto wa gasi umasiya.

"Munaitola liti?"

"Nthawi yomweyo. Bwana anandinong'oneza kuti ichoke."

"Nthawi yomweyo," adabwereza Namakani. "Anzanu akunyamula injini pachifuwa cha munthu, inu munkatola chitsulo."

"Mutu sunkagwira!"

"Unagwira. Unadziwa chotola ndi kobisa."

"Ndinapita kupolisi, mayi a ana, ndikulumbira. Ndinapita kuti ndikanene. Anandilola kuwaona apongozi. Ndisanatsegule pakamwa, iwo anati, ndikudziwa, khala chete, pita ukalere adzukulu anga. Anati iwo akalamba, chifuwa chawatha kale, palibe chimene ndende ingawalande. Anena okha! Ine sindinawapemphe."

"Simunawapemphe. Munangolandira."

"Ukufuna ana akule bambo awo ali kundende?"

"Ndikufuna ana akadzandifunsa kuti agogo anafera kuti, ndidzakhale ndi pakamwa poyankhira." Adawerama, adatola nsonga ija n'kuiponya m'ndowa. "Imirirani. Tipite limodzi, mukanene nokha. Simunaphe mnzanu mwadala, zimenezo khoti limamva, ndipo bwana ujanso ali ndi zake zoyankha. Ine ndidzabwera tsiku lililonse la mlandu, ndidzakhala kutsogolo, anthu andione. Koma mukanene ndi pakamwa panu."

Mwamunayo adagwira m'mphepete mwa chigubu ngati akufuna kunyamuka. Adafika pakati, n'kubwerera pansi.

"Miyendo ikukana."

"Yanga ikulola."

"Ukapita, banja lino latha."

"Ndiye mukufuna likhale pamwamba pa manda a Ababa? Nyumba imeneyo mudzagonamo nokha." Adanyamula ndowa. Pakhomo pa shedi adaima, osatembenuka. "Musathawe. Mukathawa ndidzakusakani ndekha, ndipo mukundidziwa."

* * *

Kupolisi, Namakani adapeza galimoto ya kukhoti itafika kale, chitseko cha kumbuyo chili chotsegula. Amilandu ankatuluka pamzere, awiriawiri pa unyolo. Bambo ake anali kumapeto, atamangidwa limodzi ndi munthu wina wakuba mbuzi, akuyenda mutu uli m'mwamba ngati akupita kukalandira mphoto. Namakani adadutsa pakati pa apolisi n'kukaima pa chitseko penipeni, ndowa ili m'manja.

"Mayi, chokani pamenepo!" adakuwa wapolisi wa mfuti.

"Itanani Sajeni. Kapena mundikweze nanenso, malo alipo."

Nkhalamba idaona ndowa, idasuzumira m'kati, ndipo nkhope idagwa. Namakani anali asanaonepo bambo ake akuchita mantha.

"Mwana iwe, ndinakuletsa."

"Munandiletsa."

"Taya zimenezo. Ana ako adzawalera ndani?"

"Ine. Makina ndili nawo, manja ndili nawo."

"Ndikukuuza ngati bambo ako!"

"Mwandiuza zambiri, Ababa, ndamvera zochepa. Lero si tsiku loyambira."

"Ndine ndinamufikitsa pamenepo," idatero nkhalamba, mawu atatsika kuti ena asamve. "Ndikadamuphunzitsa ngati munthu, osati kumunyoza, bwenzi akudziwa. Mlandu ndi wanga."

"Umenewo mukakambirane naye awiri. Koma mayi uja wakhalira bokosi la masipanala ayenera kudziwa chimene chinapha mwamuna wake, ndipo si manja anu."

Sajeni adatuluka akupukuta pakamwa, theka lija la m'kabati lili m'manja, chifukwa anali ataona ndowa pawindo. Adatola nsonga, adailumikiza ndi inzake. Zidagwirana ndendende, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. Adayang'ana mabala a nyundo, adatembenuza ndowa, adaika nsongayo pa chipsera chija. Kenako adakodola wa makiyi kuti amasule nkhalamba.

"Awa sakwera lero," adatero. Adatembenukira Namakani. "Tsopano ndipatseni dzina la Wina uja."

Bambo ake adapukusa mutu, kumupempha ndi maso. Munthu amene sadapemphepo kanthu kwa mwana wake adasankha kuyamba ndi chimenechi. Namakani adayang'ana kumbali.

"Mwamuna wanga. Anaitenthetsa ndi gasi n'kuiviika m'madzi, ankayesa akuilimbitsa. Bwana wa galaja anamutuma, anaima pambali pake, ndipo ndi amene anati nsongayi ibisidwe. Mayi wa tiyi anaona zonse."

Ngakhale wakuba mbuzi uja adasiya kudandaula za unyolo.

"Mayi," adatero Sajeni motsitsa, "mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikadapanda kudziwa bwenzi zili zophweka."

Nkhalamba idatikita mikono pamene panali unyolo. Idadutsa pafupi ndi mwana wake osamuyang'ana, n'kukakhala pa mwala pafupi ndi geti, nkhope ili m'manja. Namakani sadaitsatire. Bola inali panja.

"Ali kuti mwamuna wanuyo?" adafunsa Sajeni, akuitana dalaivala.

Tsiku lonse mawu a Namakani anali asananjenjemere, pa bwana, pa namfedwa, ngakhale pa bambo ake. Adanjenjemera apa.

"Ali pa shedi yake, sathawa. Koma tidzere kunyumba kaye, ndikamutengere jekete. Amazizidwa msanga."